Kodi Munthu Timuyese ndi Chiyani?

Pakati pa masewera a makadi alipo ena otchedwa bridge, amene machitidwe ake a lero adakhazikika ndi Harold Vanderbilt wa ku America m'chaka cha 1925. Anthu anai amakhala awiriawiri, nagawana makadi 52, yense 13. Koma mu mtundu wina wotchedwa duplicate bridge muli nzeru yoyenera kuilingalira. Akatha kusewera, makadiwo sawasakanizanso ai; amawatumiza monga momwe aliri ku tebulo lina, kuti enanso awasewere. Pomaliza, munthu amayerekezedwa ndi anzake okhawo amene adagwira makadi omwewo. Motero wolandira makadi achabechabe angathe kupambana, wolandira abwino nagonja.

Nanga ife timayesana motani? Mwana wobadwira m'mpanda wa ku Area 43 ndi mnzake wa ku Kauma, ngakhale ali oyandikana, sadalandire makadi ofanana. Komabe woyambayo akatsiriza maphunziro apamwamba timamtama, winayo akamagulitsa makala timamnyoza, ngati kuti adanyamukira pamodzi. Kumeneko ndiko kutama mwai, tikuyesa kuti tikutama khama.

Tsono pa moyo uno palibe tebulo lachiwiri. Palibe wina amene adzanyamule makadi a mnansi wathu kuti tione ngati akadachita bwino koposa iye. Chifukwa chake tisafulumire kuweruza, koma yense adzifunse mumtima mwake: zimene ndidalandirazi, zambiri kaya zochepa, ndachita nazo chiyani? Ndipo iwo amene adalandira makadi abwino, funsoli liwalemere koposa.