Matsenga Amene Filimu ya Kamkwamba Inawasiya

Achinyamata ambiri amene ndimacheza nawo pa Manjawira pano anamudziwira pa kanema William Kamkwamba. Buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, analiwerenga ndi ochepa. Filimu ya dzina lomweli, imene Chiwetel Ejiofor anakonza n'kutuluka pa Netflix mu 2019, ndiyo yafika kutali. Ndimaikonda filimuyi. Inajambulidwa ku Kasungu komweko, anthu ake akulankhula Chichewa, ndipo Lily Banda, mwana wakwathu, anasewera mogwira mtima ngati Annie, mlongo wake wa William. Koma ndili ndi mlandu nayo, ndipo si wa katchulidwe ka Chichewa ka a Ejiofor kamene ambiri anakakamba.

Bukulo limayamba ndi matsenga. William ali wamng'ono anadya chingamu chimene chinagwa pa njinga ya wamalonda wina, ndipo mwini katunduyo atanena kuti wapita kale kwa sing'anga, mwanayo anagwidwa ndi mantha a imfa mpaka bambo ake anakalipira. Atakulako anatemetsa mphini za mangolomera pa nkhonya kuti akhale ndi mphamvu zoposa anzake. Atakayesa ndewu, anamenyedwa. Mnyamata amene pambuyo pake anakatsegula buku la Using Energy m'laibulale ya ku Wimbe ndi yemweyu, amene anali atayesapo kale mphamvu ya mtundu wina n'kuona kuti yamunamiza. Nkhani yonse yagona pamenepa. Mwana anakulira pakati pa anthu amene amafotokoza zovuta zawo ndi ufiti, iye n'kuphunzira kufunsa kuti dayinamo imayatsa bwanji nyali ya njinga.

M'filimu matsenga onsewa mulibe. William, amene amaseweredwa ndi Maxwell Simba, timamupeza ali kale katswiri wokonza mawailesi, ngati anabadwa choncho. Chotsala ndi Gule Wamkulu amene amatulukira pamaliro ndi m'thengo, wokongola m'maso koma wosakhudza mtima wa mnyamatayo. Ife a ku Ntcheu, amene tinazolowera ngoma ya Angoni, timadziwabe kuti gule kwa Achewa si chokongoletsera. Mlendo woonera ku London angaone chilombo chovina n'kukhutira kuti waona chikhalidwe, osadziwa kuti mantha enieni a mwanayo anawadula.

Okonza mafilimu amachita zimenezi kulikonse. M'mabuku a George R. R. Martin, Catelyn Stark ataphedwa amaukitsidwa n'kuyamba kubwezera adani ake, koma a HBO pokonza Game of Thrones anamusiya m'manda. Kumeneko wina anganene kuti nkhaniyo ndi yopeka, palibe wapwetekeka. Kwa ife n'zosiyana, chifukwa zimene anachotsazo ndi zimene anthu athu amakhulupirira mpaka lero, zimene zimachititsa kuti agogo ena athamangitsidwe m'midzi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti atachotsa matsenga a m'mudzi, anaikapo awoawo. M'filimu, njala ili pakati, bambo alola kuti njinga yawo idulidwe, makina a mphepo ayamba kuzungulira, madzi n'kutuluka m'chitsime, munda n'kubiriwira. Banja lapulumuka. M'buku sizinatero. Njala ya 2001 ndi 2002 anthu a ku Masitala, kwawo kwa William, anaipirira mpaka chimanga chinacha, ena anafa, ndipo makina oyamba aja anangoyatsa babu limodzi. Pambuyo pake anaonjezera mababu ena ndi wailesi, anthu n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Pampu ya madzi inadza William atalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anthu akunja atamuthandiza ndi ndalama. Pakati pa babu ndi madzi panali zaka 5 za mnyamata wosiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi, amene asanayatse babulo ankangoyendayenda m'madzala a zitsulo anthu akumutcha wamisala.

Ndikumvetsa kuti filimu ya maola awiri singanyamule zaka zonsezo, ndipo babu limodzi silingaliritse oonera ngati mmene madzi olowa m'munda wouma amachitira. Koma mwana wa fomu 2 wa ku Manjawira amene wangoona filimuyi amatuluka akuganiza kuti nzeru zimabala lero lomwe, ndi kuti mudzi umaombera m'manja wopanga chinthu chatsopano. Akadzayesa yekha, mwezi n'kutha osaona kanthu, adzadziyesa wolephera.

Buku likanamukonzekeretsa bwino. Limanena kuti mu 2006 mvula itavutanso, anthu ena amene ankasirira magetsi aja anatembenuka n'kumati nsanja ya William ndi ya ufiti, ikuthamangitsa mitambo. Gawo limeneli ndilo ndikanafuna kuliona pa kanema, chifukwa likuonetsa kuti makina atazungulira mantha sanachoke m'mudzimo, ndipo mnyamatayo anayenera kukhalabe ndi anthu omwewo, kutunga nawo pa chitsime chimodzi ndi kukumana nawo pamaliro. Ejiofor anatsekera filimu yake pa madzi a m'munda, gawo limeneli osalifika.