Kodi kholo lingacite lendi pafupi ndi mwana wake?

Ana athu ambiri a kuno ku Nsadzo sakhalanso pamudzi. Ena ali ku Tete, ena anaoloka pa Cassacatiza kupita ku Katete ndi ku Chipata, ndipo ena anatsikira kunyanja ya Cahora Bassa kukagwira nchito ya kapenta. Kumeneko anamanga mabanja, ndipo adzukulu akukula osawadziwa agogo awo. Tsono makolo ena akagulitsa fodya kapena cimanga amapita kunyanjako kukakhala miyezi itatu kapena inayi, koma salowa m'nyumba ya mwana wawo. Amapeza kanyumba ka lendi capafupi. Nkhaniyi ikabwera pawailesi yathu, mafoni sapuma. Funso ndi ili: kholo kulipira lendi pafupi ndi mwana amene linabala, kodi n'camanyazi kapena ndi nzeru?

Amene amati n'camanyazi ali ndi mfundo yolemera. Mwanayo anayamwa, anagona kumsana, analipiriridwa sukulu ndi ndalama ya khasu. Lero mayi ake afika, kenaka azikapereka ndalama kwa mwininyumba wacilendo kuti apeze pogona? Oyandikana nawo adzati mwanayo wathamangitsa amake. Komanso lendi ndi ya amene ali nako kanthu m'thumba. Kacitidwe kameneka kakazolowereka, agogo osauka amene sangalipire adzayamba kuoneka ngati mtolo. Mantha amenewa sindiwapeputsa.

Komabe tiyeni tiyang'ane mudzi wa makolo athu Acewa, mmene unamangidwira. Mwana wamkazi akakwatiwa, mkamwini ankamanga nyumba yawoyawo pamudzi pa mkaziyo, ndipo pakapita nthawi banjalo linkakhala ndi nkhokwe yake ndi mafuwa ake. Agogo anali ndi nyumba yawo, kuka, kumene atsikana ankagona ndi kulangizidwa. Anyamata ankagona kumphala. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankadyera mbale imodzi, ndipo akakumana panjira wina ankapatuka. Anthu amenewa sankadana ayi. Ankadziwa kuti ulemu umafuna kampata. Bwalo linali limodzi, koma zitseko zinali zambiri.

Tsono taganizani za kunyanja. Nyumba zambiri za anchito ndi za cipinda cimodzi kapena ziwiri, bafa limodzi. Kapenta amagwidwa usiku ndi nyali, motero mkamwini amabwera m'mawa atatopa n'kugona masana, kunja kukutentha. Apongozi akhale pati? Adutse pati popita kukasamba? Nyumba imodziyo ndi imene ikuphwanya mwambo umene tikuti tikuuteteza. Kwa ine, ndalama ya lendi ikugula cinthu cimene kumudzi tinkacipeza ulere: citseko cakocako pafupi ndi abale ako.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Mwambiwu umanena za munthu wa masiku awiri kapena atatu, amene timam'phera nkhuku podziwa kuti sacedwa kupita. Wa miyezi inayi salinso mame. M'nyumba ya eni ake amasanduka cimodzi mwa ziwiri: woweruza wa kamkangano kalikonse ka m'banjamo, kapena wolera ana wosalipidwa amene amaopa ngakhale kupempha mcere. Koma akakhala ndi mafuwa ake, adzukulu ndi amene amapita kwa iye. Amawaphikira, amawapatsa, amawabweza kwawo akasokosa. Munthu wamkulu amalemekezeka akakhala ndi cogawira ena, ngakhale citakhala cikho ca thobwa.

Azakhali anga anacita zimenezi ca ku Chicoa, kuyambira mu Juni mpaka mu Seputembala. Adzukulu awo ankalankhula Cinyungwe ndi Cipwitikizi, ndipo Cinyanja ankangocimva patalipatali. Madzulo alionse ankasonkhana pakhonde la kanyumba ka agogo awo, kutali ndi foni ya bambo awo. Mmene azakhaliwo ankabwerera, anawo anali atadziwa kuvomera kuti "tili tonse" nthano ikayamba, ndiponso anali atadziwa mfunda wawo ndi dzina la mudzi kumene mayi awo anabadwira. Ulendo wa sabata imodzi pa Khirisimasi sungacite zimenezi. Cilankhulo cimalowa mwa mwana pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku.

Kukhala kutali ndi kwathu si kwacilendo kwa ife a m'cigawo ca Tete. Nyanja imeneyi inayamba kudzaza damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974, ndipo midzi yambiri ya m'mbali mwa Zambezi inasamutsidwa. Pankhondo imene inatha mu 1992, ambiri a ife tinathawira ku Malawi ndi ku Zambia, ena mpaka ku Ukwimi. Amene anaona masiku amenewo amakumbukira kuti banja likafika pamalo, cinthu coyamba cinali kudzimangira kamsasa kake, ngakhale ka udzu, pafupi ndi abale. Ngakhale pamavuto, munthu ankafuna pakhomo pake.

Sindikunena kuti lendi iliyonse ndi yabwino. Pali mafunso atatu amene banja liyenera kudzifunsa. Loyamba: wasankha ndani? Ngati kholo lasankha lokha, umenewo ndi ufulu wake. Ngati mwana ndiye walikankhira kumeneko kuti lisam'sowetse mtendere, kumeneko n'kuthamangitsa ndithu, kungoti kwavala malaya abwino. Laciwiri: akulipira ndani? Mwana amene ali panchito asalole kuti mayi ake adye ndalama ya feteleza pa lendi, iye akungoyang'ana. Athandize lendiyo, atumize ndiwo, ayendere m'mawa ndi madzulo, ndipo kukagwa malungo athamange nawo kucipatala. Agogo amene alibe ndalama, ana awo asonkherane. Lacitatu: abwerera liti? Wocoka mu Meyi atakolola abwere nthawi yososa, mvula ya Novembala isanagwe. Kumudzi kuli munda, kuli manda a makolo, kuli maliro ndi milandu yofuna mawu a wamkulu. Munda ukagonera zaka ziwiri umayamba kukhala ndi eni ake ambiri.

Mafunso atatuwa akayankhidwa bwino, palibe cocititsa manyazi. Manyazi enieni ali pa mdzukulu amene adzabwera kumaliro a agogo ake n'kumafunsa anthu kuti malemuwa anali munthu wotani. Inu makolo amene mphamvu zikadalipo, pitani mukawaone adzukulu anu, mukakhalitse. Inu ana, musawerenge cikondi ndi denga limodzi. Afunseni amayi anu kumene akufuna kugona, ndipo mumve yankho lawo.