Lamulo Silibala Chiyambi

M'chaka cha 1202, Leonardo wa ku Pisa, amene ambiri amdziwa ndi dzina lakuti Fibonacci, anaika m'buku lake la Liber Abaci funso la akalulu oswana mwezi ndi mwezi, ndipo m'funsomo munatuluka mndandanda umene lero tiulemba motere: 1, 1, 2, 3, 5, 8, 13, 21, pakuti nambala iliyonse, kupatula ziwiri zoyamba, ibadwa pophatikiza ziwiri zoitsogolera, ndipo palibe ina yodzibala yokha.

Wolemba pulogalamu ya kompyuta, pofuna mndandandawu, amaika manambala awiri oyamba, nalamula makinawo kuti atenge awiri omaliza, awaphatikize, alembe chotulukacho kumapeto, ndi kubwerezanso chomwecho. Ndipo akaphatikiza ka 48 kokha afika pa nambala ya 50, ndiyo 12,586,269,025. Koma makinawo akapanda kusunga zimene apeza kale, nabwerera kuchiyambi pa funso lililonse, ntchito yomweyo iwatengera maulendo mabiliyoni ambiri.

Tsono funso lolemera lili apa: manambala awiri oyambawo achokera kuti? Lamulo lophatikiza, lingakhale lamphamvu chotani, silingathe kuwabala, popeza lifuna awiri okhalapo kale lisanagwire ntchito. Ayenera kuikidwa ndi dzanja la wina wokhala kunja kwa mndandandawo. Ndipo woikayo akayamba ndi 2 ndi 1, lamulo lomwelo libala fuko lina, la 3, 4, 7, 11, 18, lotchedwa ndi dzina la Édouard Lucas wa ku France. Akuluakulu sananame ponena kuti m'mera mpoyamba.

Mofananamo, Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, anaphunzitsa kuti zoyambitsa zodalirana sizingatsamirane kosalekeza popanda Woyambitsa wosayambitsidwa ndi kanthu. Masamu pa okha sangatsimikize za Mulungu, ndipo wowakakamiza kutero awasenzetsa katundu wosakhala wawo. Komabe atichenjeza kuti kudziwa lamulo loyendetsa zinthu sikuli kudziwa chifukwa chake zinthuzo zilipo.

Chomwecho munthu, amene sanasankhe makolo ake, ngakhale chinenero chimene anayamwira, ngakhale tsiku lobadwa, alibe chifukwa chodzitukumula ngati kuti anadziyamba yekha. Koma asanyozerenso malo ake, pakuti chimene iye alemba lero, chowona kapena cholakwa, ndicho chimene ana ndi adzukulu ake adzaphatikiza.