Njinga Yamoto Yakale ndi Lamulo Lachisanu ndi Chiwiri

Pa mishoni ina, m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba ya ansembe, mudagona njinga yamoto zaka zambiri pakati pa mabenchi othyoka ndi malata adzimbiri. Idali BSA Bantam ya mtundu wakale, umene Angerezi adayamba kupanga m'chaka cha 1948 naleka m'chaka cha 1971. Katekisiti wa pamenepo, munthu woyang'anira matchalitchi anayi a kumidzi, amene maondo ake adayamba kukana kupalasa njinga yakapalasa pa zitunda, adapempha Bambo Mfumu kuti ayese kuidzutsa. Bambo adaseka, nati: "Mukaidzutsa, Aphunzitsi, idzakhala yanu ya pa ntchito."

Kudzutsa chinthu chotere si ntchito ya tsiku limodzi. Injini ya Bantam ndi ija yosakaniza petulo ndi oyilo m'thanki imodzi, ndipo siilira ngati mphira zotseka m'mimba mwake zauma ndi kuyamba kulowetsa mpweya. Mabawuti ake adapimidwa ndi mainchesi, kotero kuti masipanala a mamilimita, amene adzaza m'magalaja a masiku ano, angoterereka ndi kudya mitu ya manati. Koyilo yopereka moto ku pulagi ikhala m'kati mwa magineto, ndipo ikakalamba moto wake ufooka. Kampani ya BSA ya ku Birmingham idagwa m'chaka cha 1973. Ku England kudakali amisiri ena opanga masipeya a njinga zakalezi, koma kuwaitanitsa kufuna ndalama zakunja, zimene katekisiti wa kumudzi sazigwira.

Makaniko wa pa msika adagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Gasiketi adaisema pa chikatoni cholimba, tcheni adapeza, mphira zina adasintha, ndipo moto udabwerera ku pulagi. Chidatsala nchimodzi, ndiye kabuleta, chibekete chija chosakaniza petulo ndi mpweya. Yakaleyo idang'aluka pakhosi, yosathekanso kuwotcherera. Makaniko adati kabuleta ya njinga ina yaing'ono ingathe kugwira ntchito ataipangira cholumikizira, koma yatsopano idali ya mtengo woposa thumba la katekisiti. Tsono tsiku lina kuli sisiro mnyamata wina adafika pakhomo pa katekisitiyo, natulutsa m'thumba kabuleta yonyezimira, yonunkhabe petulo, natchula mtengo wosafika ndi theka lomwe la wa m'sitolo. "Musavutike ndi mafunso, Bambo," adatero mnyamatayo, "ndamva kuti mukufuna, ndipo ndi ntchito ya Mulungu."

Funso lili pamenepa: kodi Mkhristu angagule chinthu chimene achisowa ndithu, chimene adzachigwiritsa pa ntchito yabwino, pamene mtima wake umnong'oneza kuti mwina nchakuba, koma umboni alibe?

Pali mau atatu amene munthu adzitonthoza nao pa nthawi yotere, ndipo onse aoneka ngati anzeru. Oyamba ndi akuti, sindine ndidaba. Achiwiri, sindidziwa ngati nchakuba. Achitatu, ntchito yake njoyera.

Mau oyambawo sachedwa kugwa. Mbala siiba kabuleta kuti ikaidye ndi nsima. Iba chifukwa idziwa kuti wogula alipo. Amene aba njinga yamoto kawirikawiri saigulitsa yathunthu, popeza nambala ya pa injini ndi ya pa fulemu zingamgwiritse. Aiphwasula, nagulitsa chitsulo chimodzichimodzi, pakuti kabuleta, koyilo kapena tcheni sizitchula dzina la mwini wake. Tsono wogula ndiye msika wa mbala, ndipo popanda msika mbala ingatope. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'chaka cha 1992, pofotokoza Lamulo Lachisanu ndi Chiwiri, aika wolandira katundu wakuba modziwa pamodzi ndi wotuma ndi wothandiza kuba, ndipo onse awalamula kubweza molingana ndi mbali yao. Malamulo a boma nawonso alanga wolandira zakuba. Ndipo aliyense m'dziko muno wamvapo za anyamata a kabaza amene adalandidwa njinga zao usiku, ena navulazidwa, ena naphedwa, ena a iwo asanamalize nkomwe kulipira ngongole ya njingayo. Kabuleta yotsika mtengo ija mwina idali nsima ya banja lina.

Mau achiwiri ndiwo ofunika kukhalirapo, chifukwa mpamene anthu abwino apunthwa. Kusadziwa kuli pawiri. Pali munthu amene agula chitsulo masana pa msika, kwa wamalonda wodziwika, pa mtengo woyenera, osaona chilichonse chomkayikitsa. Ameneyu alibe tchimo, ngakhale pambuyo pake zitadziwika kuti chitsulocho chidabedwa. Chimene chimtsalira ndi kuchibweza mwini wake akapezeka, ndi kukafuna ndalama zake kwa amene adamgulitsa. Nzowawa, koma akatswiri akale a Eklezia ankaphunzitsa kuti chinthu chiitana mwini wake kulikonse kumene chili, ndipo kudutsa m'manja ambiri sikuchisandutsa cha wina.

Koma pali kusadziwa kwina kumene munthu adzipangira yekha. Aona kuti wamalondayo wadza ndi mdima. Aona kuti mtengo ngwochepa koposa. Amva akuuzidwa kuti asafunse. Ndipo iye atseka pakamwa, osati chifukwa alibe funso, koma chifukwa aopa yankho. Kusadziwa kotere sikuchotsa mlandu, ndipo Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adaphunzitsa kuti kusadziwa kofuna dala kuonetsa m'mene mtima wakakamirira pa chinthucho. Munthu amene atsinzina dala pofika pa dzenje sanganene kuti dzenjelo sadalione. Apa mpamene kusowa kwa masipeya kukhala chiyeso chenicheni: chinthu chikakhala chopezeka paliponse, kufunsa nkosavuta, pakuti akakana pano akagula patsogolo, koma amene wafunafuna miyezi itatu osapeza, chitsulo chikafika m'manja mwake lilime lake lilemera. Kusowa sikusintha lamulo, kungochepetsa mtima wofuna kufunsa.

Pano pafunika kuchenjera kuti phunziroli lisapitirire malire ake. Si chitsulo chilichonse chakale chimene chili chakuba, ndipo si mnyamata aliyense wosauka wogulitsa motsika mtengo amene ali mbala. Njinga zambiri zifa pa ngozi kapena ndi ukalamba, eni ake nagulitsa zitsulo zake mwachilungamo, ndipo popanda malonda amenewa palibe njinga yakale imene ikadayendanso. Kumuyesa munthu wakuba popanda chifukwa ndi tchimo lina, lolakwira Lamulo Lachisanu ndi Chitatu. Nchifukwa chake chimene chifunika kwa wogula si kuweruza ayi, koma kufunsa: chachokera pa njinga yanji, mwini wake ndani, kodi tingapite kukamuona? Wachilungamo ayankha mafunso otere mosavuta, kaya mokondwa kumene, popeza amtchinjiriza iyenso.

Mau achitatu, akuti ntchito yake njoyera, ndiwo okoma koposa m'khutu la munthu wa Mulungu. Njingayo ikayenda, Akhristu a kumidzi adzaphunzira katekisimu, maliro adzatsogoleredwa pa nthawi yake, ndipo wodwala kwakayakaya adzaitaniridwa wansembe msanga. Zonsezi nzoona. Koma Paulo Woyera m'kalata yake kwa Aroma adakana kotheratu maganizo akuti munthu achite choipa kuti chabwino chitulukemo. Wina anganene kuti Eklezia yomweyo iphunzitsa kuti pa kusowa koopsa kutenga chinthu cha mwini si kuba. Inde iphunzitsa zimenezo: munthu amene atenga njinga ya mnansi wake pakati pa usiku, mwini wake kulibe, kuti athamangire kuchipatala ndi mayi amene wavutika pobereka, nabweza njingayo m'mawa ndi kufotokoza, sadabe. Koma kumeneko moyo uli pa ngozi pa ola lomwelo, njira ina palibe, ndipo mwini wake akadavomera akadakhalapo. Za katekisiti nzosiyana: maondo ake awawa, ulendo uchedwa, koma njira ilipo, ndipo ndalama zake sizipita kwa mwini kabuleta, zipita kwa amene adamlanda. Ndiponso adzaima bwanji pamaso pa ana a kalasi ya Ukaristia kuwaphunzitsa za Zakeyo, amene adalonjeza kubweza kanayi zonse adanyenga, pamene njinga yoimikidwa pakhomo pa tchalitchi ipuma ndi chitsulo cha mwini wolira?

Makaniko, atamva nkhaniyi, adaponyapo mau oseketsa koma osapanda nzeru. Adati Bantam yomweyo si nzeru ya Angerezi: mapulani ake adachokera ku njinga ya ku Germany yotchedwa DKW RT 125, imene opambana nkhondo adatenga ngati malipiro nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'chaka cha 1945, ndipo a Harley-Davidson ku America ndi mafakitale a ku Soviet Union adaikopera momwemonso. Nanga ngati njinga yonseyo idabadwa ndi kutenga, kabuleta imodzi njotani? Za chilungamo cha malipiro a nkhondo anthu ophunzira angatsutsane mpaka kucha. Koma malipirowo adatengedwa poyera, ndipo lero nzodziwika kumene mapulaniwo adachokera. Mnyamata wa sisiro uja chimene adapempha choyamba ndi chakuti pasakhale funso.

Katekisitiyo adafunsa. Adati: "Mwana wanga, ndiifunadi, koma tiyeni mawa masana tipite limodzi kwa mwini njinga imene mwaichotsako, ndikampatse moni, ndipo ndalama ndidzapereka iye akuona." Mnyamatayo adati adzabwera m'mawa. Sadabwere. Kusabwerako si umboni wokwanira wakuti adali mbala. Mwina adapeza wogula wina wosavuta, mwina adachita manyazi. Katekisiti sadamtchule dzina kwa munthu aliyense, ndipo pamenepo adachita bwino.

Dzinja lonse adapalasa njinga yakapalasa m'matope, ndipo Lamulungu lina adafika ku tchalitchi chakutali anthu atabalalika kale. Ena a m'bungwe la tchalitchi adang'ung'udza kuti Aphunzitsi adataya mwayi chifukwa cha mantha achabe. Atakolola, Akhristu a matchalitchi anayi aja adasonkha mtedza ndi chimanga, nagula kabuleta m'sitolo ya m'tauni, lisiti lake nalisunga m'buku la msonkho. Makaniko adasema cholumikizira, nayesa kangapo kuchepetsa ndi kuonjezera petulo, mpaka injini idalira ndi utsi wake wobiriwira, ana a sukulu nathamangira kudzaona.

Madzulo ake, akupukuta njingayo, maso a katekisiti adagwa pa tcheni. Adakumbuka kuti makaniko adangoti wapeza, ndipo iye, m'chimwemwe cha masiku oyamba aja, sadafunse kuti wapeza kuti. Panalibe chomkayikitsa pa nthawi imeneyo, ndipo makaniko adali munthu wa mbiri yabwino. Komabe tulo tidavuta. M'mawa mwake adakankha njingayo mpaka pa msika, napereka moni, nati: "Achimwene, musandimve molakwa, koma tandiuzani za tcheni ija." Makaniko adaika sipanala pansi, napukuta manja, natuma mwana kuti akaitane mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, amene njinga yake idagundidwa ndi lole chaka chapitacho, ndipo mafupa ake adali chigonere kuseri kwa galajayo.