Za Mwana Wofuna Kukaonjeza Nzeru Kutali

Abale, munthu wokhala ku Naperi, mu Blantyre, akaturuka m'nyumba mwache m'mawa nayenda pansi kulinga ku Ginnery Corner, aona nyumba ziwiri zazikuru zoyandikana asanayambe kutopa. Ina ndiyo chipatala cha Queen Elizabeth, chimene anachitsegula m'chaka cha 1958, ndipo akuru achitcha Gulupu kufikira lero. Inzache ndiyo sukulu ya amisiri imene tinaizolowera ndi dzina la Polytechnic, koma kuyambira 2021 itchedwa MUBAS. Zaka zambiri nyumba ziwirizi zinakhala monga anansi osapalana moto: kuno madotolo ndi odwala ao, uko amisiri ndi milatho, miseu ndi magetsi ao. Koma tsopano alipo maphunziro ophatikiza ziwirizi, amene pa Chingerezi awatcha biomedical engineering, ndiko kunena umisiri wa makina othandiza kuchiritsa anthu. Aphunzitsidwa pa MUBAS pomwepo, ndiponso pa MUST ku Thyolo.

Tsono tiyerekeze mwana wamkazi wa ku Naperi komweko, woyamba kubadwa m'nyumba ya ana asanu. Amai ache agulitsa tomato ndi mandasi pa msika; atate ache ndi mlonda wa usiku; amalume ache kumudzi anagulitsa mbuzi kawiri konse kuti iye asachotsedwe sukulu. Watsiriza maphunziro amenewa, walandira digiri, ndipo nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Nchito yaoneka, ingakhale ya malipiro ochepa. Koma sabata yomweyo yafika kalata ina, yonena kuti ampatsa malo ku Cape Town, kapena ku Glasgow, kapena ku Houston, kuti akaphunzire digiri yachiwiri imene aitcha Masters. Ndipo akakhoza, iripo yachitatu ya PhD, imene idya zaka zitatu kapena zinai pamwamba pache. Ndarama za sukulu adzalipira omuitanawo, koma zotumiza kwao sizidzakhalapo, kapena zidzakhala zochepa.

Amalume aja abwera kuchokera kumudzi, nakhala pa khonde, nati, "Mwana wanga, fodya wako ndiye ali pamphuno. Ife tinalima, tiri kudikira kukolola, ndipo iwe uti tibzalenso? Nanga abale ako anaiwa adzawaphunzitsa ndani? Kodi nzeru wapatazo sizikwanira kukonza makina a m'chipatala?" Mwanayo ayankha maso ali pansi, nati, "Amalume, kukonza ndidziwa, koma kupanga sindinadziwe."

Apa ndipo pagona mlandu wathu wa mwezi uno. Kodi mwana uyu akapita, wachita dyera? Kapena akakhala, wataya chinthu chimene sichinali chache yekha?

Tiyambe ndi kubvomereza amalume, pakuti mau ao sali achabe. Amene anagonapo m'chipatala adziwa makina aja okhala pambali pa kama, olira ngati njuchi, opatsa wodwala mpweya wa okosijeni. Anamwino awatcha concentrator. Magwiridwe ache ndi awa. Mpweya umene tipuma uli ndi okosijeni magawo 21 okha mwa 100, ndipo pafupifupi wonse wotsalawo ndiwo naitirojeni. Makinawo akoka mpweya wa m'chipindamo, naupanikiza m'mitsuko iwiri yodzala ndi mchenga wina wotchedwa zeolite. Mchengawo ugwira naitirojeni, nulola okosijeni kupitirira kumka kwa wodwala. Koma pfumbi la m'chilimwe likatseka nsefa yache, kapena chinyezi cha m'dzinja chikalowa mu mchenga uja, makinawo alirabe monga kale, mpweya uturukabe, koma mphamvu mulibe; ndipo mai wodikira mwana wache ayesa kuti ali kuthandizidwa. Tinaona kufunika kwa mpweya umenewu mu January 2021, pamene nthenda ya COVID-19 inakula, anthu wamba nasonkha ndarama zogulira masilinda a okosijeni.

Makina ambiri a m'zipatala zathu anadza monga mphatso kuchokera kunja, ndipo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena anapangidwira magetsi a ku America, amene mphamvu yache iri ngati theka la athuwa, napsa tsiku lomwelo lowalumikiza. Ena anafika opanda buku lache, ena opanda zitsulo zosinthira. M'chaka cha 2011 akuru awiri a pa yunivesite ya Duke ku America anasanthula mbiri ya makina oposa 100,000 m'maiko osauka 16, napeza kuti 38 mwa 100 ali onse sanali kugwira nchito. Ndipo nthenda za makina otere kawirikawiri ziri zazing'ono: waya woduka, fyuzi yopsa, batire lotha, kapaipi kothyoka. Kuchiza zimenezi sikufuna PhD iai. Kufuna mmisiri wokhulupirika amene ali pomwepo lero, ali ndi zida m'dzanja, monga aja a nthambi ya Boma yotchedwa PAM amene ayang'anira makina a m'zipatala. Potero amalume akati, Khala ukonze, anena chinthu chimene chikhoza kupulumutsa munthu sabata ino. Mwana amene anyoza nchito imeneyi chifukwa iri yodetsa manja, ameneyo ngakhale apite ku Glasgow adzabwera wopanda pache.

Koma tsono imvani mbiri ya makina ena, amene dzina lao liri la chinenero chathu.

Dziko lathu liri ndi ana ambiri obadwa masiku asanakwane. Chiwerengero cha m'chaka cha 2012 chinaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ana 18 mwa 100 ali onse. Mwana wotere abvutika kupuma, chifukwa timatumba ta m'mapapo mwache tisowa madzi ena oterera amene atiletsa kumamatirana. Akaturutsa mpweya timatumbato tifota, ndipo kutitsegulanso kumtopetsa kufikira aleka. Ku maiko olemera ali ndi makina okankhira mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khandalo kuti timatumba tikhale totseguka, koma mtengo wache unali madola zikwi zingapo, ndipo zipatala zathu sizinakhoza kuwagula. Pamenepo aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Rice ku Houston, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, pamodzi ndi ophunzira ao, anagwirizana ndi madotolo a ana a pa Queen Elizabeth, monga Dr Elizabeth Molyneux ndi Dr Kondwani Kawaza. Anatenga timapampu tija topopera mpweya m'madzi a nsomba zoweta m'nyumba, natiika m'kabokosi. Nsonga ya paipi anaimiza m'botolo la madzi, kotero kuti kuya kwa madziwo ndiko kulamulira mphamvu ya mpweya, ndipo namwino akaona thobvu liri kubwadamuka adziwa kuti zonse ziri bwino. Anawatcha Pumani. Powayesa pa chipatalacho m'chaka cha 2012, mwa makanda obvutika kupuma amene anaikidwa pa Pumani anachira 71 mwa 100; mwa amene analandira okosijeni yekha monga kale anachira 44.

Taonani bwino chimene chinachitika apa. Pampu ya nsomba inalipo kale, botolo la madzi linalipo kale. Chimene chinasoweka ndicho munthu wophunzitsidwa kufunsa funso molunjika, kuyesa, kulemba zimene waona, kuwerenga, ndi kutsimikiza pamaso pa anzache okaika kuti chinthucho sichidzapha mwana. Imeneyo ndiyo nzeru ya digiri yachiwiri ndi yachitatu. Ya digiri yoyamba ndi kudziwa zimene ena anapeza. Ya pamwambayi ndi kudziwa mapezedwe ache. Ndipo funso limodzi libala linzache: pamene Pumani anafalikira m'zipatala za m'maboma, kunapezeka kuti khanda lozizidwa lifa ngakhale liri pa makinawo, ndi kuti makina amodzi paokha sakwanira popanda chofunditsa, magetsi okhazikika, namwino wophunzitsidwa ndi mmisiri wokonza. M'menemo munaturuka nchito yotchedwa NEST360, imene inayamba m'chaka cha 2019 m'Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, ndipo mmodzi wa atsogoleri ache ndiye Theresa Mkandawire wa pa sukulu ya amisiri ija.

Pali kanthu kena kamene tikanene, kangakhale kowawa pang'ono. Ana a ku Houston anaoloka nyanja kudzaphunzira pa makanda athu, ndipo sitiwadandaula, pakuti anachita zokoma. Koma mwana wa ku Naperi, amene anabadwira m'chipatala chomwecho, amene adziwa pfumbi lathu ndi kuzima kwa magetsi athu popanda womuuza, kodi iye yekha ndiye aletsedwe kuoloka nyanja kukatenga chimene chimsowa? Tikatero tidzakhala okonza zinthu za eni kufikira zidzukulu zathu.

Ndiponso ophunzira amene ali kulowa pa MUBAS ndi pa MUST afuna aphunzitsi, ndipo kawirikawiri munthu saphunzitsa pa yunivesite ndi digiri yoyamba yokha. Kale madotolo athu onse anali kuphunzira kunja, ndipo ambiri sanabwerere. Mankhwala a bvuto limenelo sanali kutseka njira. Anali kumanga sukulu ya madotolo kuno kwathu, imene inatsegulidwa mu Blantyre m'chaka cha 1991, ndipo tsopano iri mbali ya KUHeS. Koma oimanga ndi kuiyendetsa anali anthu amene anapita kutali poyamba. Ngati tifuna kuti mdzukulu wa amalume aja adzapeze PhD ya umisiri umenewu osachoka m'dziko, wina ayenera kuchoka lero.

Nanga tinene kuti mwana ali yense wolandira kalata yotere apite? Iai. Ife tiganiza kuti kupita ndi kukhala sindiko kulekanitsa wabwino ndi woipa. Chowalekanitsa ndicho katundu amene anyamula pochoka. Umisiri umenewu uli ndi nthambi zambiri. Ku maiko olemera alipo ofufuza za makina a mtengo woposa chipatala chathunthu cha pa boma, ndi za ziwalo zopanga zimene kuno sitidzaziona msanga. Nzeru zimenezo siziri zoipa, ndipo zikoma kumutu monga uchi. Koma mwana akapita wopanda funso lache, aphunzitsi ache adzampatsa lao. Adzatha zaka zisanu ali kuliyankha, ndipo potsiriza adzapeza kuti nzeru zache zigwira nchito kokhako kumene kuli makina amenewo. Pamenepo sadzakhala kunjako chifukwa cha kuipa mtima; adzakhala chifukwa kwao kulibe chimene angachite. Ambiri amene tiwanena kuti anaiwala kwao anasochera pa mphambano imeneyi, asanakwere ndi ndege yomwe. Koma iye amene anayamba wagwira nchito m'chipatala chaka chimodzi kapena ziwiri, naona ndi maso ache concentrator yakufa ndi chinyezi pamene mwana ali kubanika, napita ndi funso lakuti, Kodi sitikhoza kupanga nsefa yopirira dzinja lathu? ameneyo ali ndi chingwe chomkoka, pakuti yankho lache saliyesera kwina koma kuno. Chifukwa chache sitiona choipa ngati mwana uja apempha omuitanawo kuti amdikire chaka, ayambe wadetsa manja.

Ndipo otsala kumudzi nafenso tiri ndi mangawa athu. Kumbukirani Dr Daniel Sharpe Malekebu wa ku Chiradzulu, amene anaphunzira pa mishoni ya John Chilembwe ali mwana, napita ku America, natsiriza udotolo pa sukulu ya Meharry m'chaka cha 1917, woyamba mwa ana a dziko lino. Iye anafuna kubwera. Koma Boma la nthawi imeneyo, pokumbukira nkhondo ya 1915, linamkaniza kulowa, ndipo anakakhala ku Liberia, nafika kwao m'chaka cha 1926. Zaka zimenezo odwala a ku Chiradzulu anasowa dotolo, osati chifukwa mwana wao anawaiwala, koma chifukwa chitseko chinatsekedwa mbali ya kuno. Lero palibe bwanamkubwa wotseka doko, koma chitseko chitsekeka m'njira zina: wobwerayo akapeza kuti palibe malo a nchito yache, kapena palibe chipinda choyeseramo zinthu, kapena akuru a nchito amuopa kuti adzawalanda mpando, kapena abale amlandira ndi mndandanda wa zosowa zao asanamfunse ndi za ulendo womwe. Timtonza kuti sanabwere, osadzifunsa ngati tinamuyalira mphasa.

Chatsala ndicho cholemera koposa, ndipo sitidzachipeputsa ndi mau okoma: abale anai aja. Makanda amene mwana uyu angadzawapulumutse sanabadwe, ndipo maina ao sitiwadziwa. Koma mlongo wache wa Fomu 2 ali pomwepo, dzina lache lidziwika, ndipo fizi ifunika mwezi wa mawa. Palibe nzeru ya masamu imene ikhoza kuyesa ziwirizi pa sikelo imodzi. Pali mabanja ena amene sangathe kudikira konse, monga pamene atate amwalira ndipo palibenso wina wogwira khasu. Mwana wa m'banja lotere akakhala, asayesedwe wolephera, ndipo iye mwini asadziyese wotayika. Koma pamene mbumba ikhoza kupirira, ingakhale mobvutika, mlanduwo usaweruzidwe ndi mwana yekha usiku pa kama, kapena ndi amalume okha pa khonde. Akhale pansi onse, awerenge ndarama poyera: za malipiro a nchito yaonekayo zingati, za kunjako angapatuleko zingati, fizi ya yani iyambe, mbuzi zatsala zingati, adzabwera chaka chiti. Ndipo amalume, amene anagulitsa mbuzi kawiri, ali nao ufulu wonse wakufunsa mwanayo kuti awauze m'chinenero chao, mosabisala m'Chingerezi, makina ati amene apita kukaphunzira kupanga, ndi chipatala chiti chimene chidzayamba kuwaona.