Pepala Lokulungira Mandasi

Padangokhala mphunzitsi wina wa pulayimale kuseri kwa phiri la Dedza. Adalowa ntchito ya boma mu 2017, chaka chomwe antchito achinyamata adayamba kudulidwa K5 pa K100 iliyonse ya malipiro, boma n'kumawonjezerapo K10, kuti idzakhale penshoni yawo. Tsiku lina ahedi adamupatsa fomu yolembapo mayina a odzalandira ndalamazo iye akadzatsogola.

"Ine mnyamata chonchi ndizilemba za imfa yanga? Kumeneko n'kudzilodza ndekha," adatero, n'kuipinda fomuyo, n'kuiponya m'chikwama.

Kunyumba sadanene kanthu. Mkazi wake akafunsa za timapepala ta malipiro, ankangoti, "Zimenezo n'za ku ofesi, amake mwana." Alipo amuna oopa kuti mkazi akadziwa malipiro awo ayamba kukana ndiwo zamasamba.

Patapita zaka zinayi, minibasi yomwe adakwera idagubuduzika pamsewu wa M1. Maliro atangotha, abale ake adafika ndi ngolo. Lamulo la mu 2011 limaletsa kulanda katundu wamasiye, koma ngolo siwerenga malamulo. Njinga, wailesi, matiresi, mpaka mbaula, zonse zidakwera. Chikwama chija adachipisa, atawona kuti muli mapepala okhaokha, adachisiya pakhonde.

Namfedwayo adayamba kukazinga mandasi. Nyuzipepala zakale n'zogula, ndiye zokulungira ankatenga m'chikwamamo. Adayamba ndi mayeso a ana a Sitandade 6, omwe adalipo mulu ndithu. Atatha amenewo adalowerera makalata. Fomu ija idapita ndi mnyamata wa kabaza, yemwe adapukutira mafuta m'manja n'kuitaya mungalande.

M'chaka chachitatu kudatsala timapepala ta malipiro tokha. M'mawa wina mayi wina wogwira ntchito ku ofesi ya maphunziro adagula mandasi anayi. Ali pafupi kuluma, maso adagwera pa manambala omwe mafuta adali atawalowerera.

"Amayi, pepala ili mwalitenga kuti?"

"N'la malemu bambo akunyumba."

"Pepani. Nanga ndalama zawo za penshoni mudalandira?"

"Ndalama zitinso, mayi? Alamu anga adatenga zonse."

"Izi sakadatha kuzikweza pangolo. Onani apa, iyi ndi nambala yawo ya ntchito. Timapepala totsalato musakulungirenso kanthu."

Namfedwa adasuzumira m'chikwama. Mudatsala kamodzi.

Poti malemu sadalembe dzina la aliyense, ulendo udatalika. Padafunika chiphaso cha imfa, kalata ya amfumu yotsimikiza kuti iye ndi mkazi wake ndipo mwanayo ndi wake, chiphaso cha unzika, kenako kwa a DC, kenakonso ku Lilongwe, kupita ndi kubwerera, mpamba wa mandasi ukuthera m'minibasi. Ndalama zidatuluka ndithu. Koma zidapeza kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, moti zomwe zikadafolera nyumba yonse zidangokwana malata a mbali imodzi.

Malata atsopano sabisika. Sabata isadathe, alamu aja adatulukira, chipewa chili m'manja.

"Mlamu, tamva kuti achimwene adasiyako kangachepe."

Mayiyo adawayalira mphasa, adawapatsa madzi akumwa, n'kulowa m'nyumba. Potuluka adagwada, n'kupereka ndi manja awiri.

"Zoona alamu. Chikwama chawo ichi, mudachiiwala pakhonde."