Lilime Limakumbukira, Koma Silikumbukira Zonse

Kuwerenga: Numeri 11:4-9, Rute 1:19-22

Mau awa ndalembera makamaka inu amene mwafika pakati pa ulendo, a zaka 45, 50 kapena 55. Ana akula, ena akwatiwa, ndipo ambiri a ife makolo tinaika kale m'manda. Imvi zayamba kusuzumira kunsi kwa duku, ndipo usiku thupi limatentha ngakhale m'mwezi wozizira wa June. Atsikana, inunso werengani, pakuti njira ndi yomweyi.

Pa msinkhu uwu munthu amayamba kuceukira m'mbuyo kawirikawiri. Ine ndili ndi zaka 53, ndipo cimene cimandibwezera msanga ku masiku akale ndi cakudya. Ndinaleredwa ndi agogo anga akucikazi m'mudzi wina kufupi ndi Katete. Agogo ankaphika nkhwani wotendera mumphika wadothi, ndi cidulo coceza okha ku phulusa la zitsononkho, ndi nsinjiro zosinja mumtondo madzulo omwewo. Nyengo ya dzuwa ankatulutsa mfutso m'cikwatu. Tinkakhala pamphasa ana asanu, mbale imodzi ya nsima ya mgaiwa pakati. Kufikira lero ndikamva fungo la nkhwani pamoto, ndimaona msana wa agogo atawerama pamafuwa.

Ndiulule kuti nkhwani ameneyu ndinavutitsa naye munthu. Mwana wanga wamwamuna anakwatira mtsikana wokulira mu Lusaka, waulemu ndi woopa Mulungu. Iye amaphika ndi soda wa m'sitolo ndi ciponde ca m'botolo, monga acitira anzake onse. Nthawi zonse ndikadya kwao ndinkati, "Wayesetsa mwanawe, koma ukadalawa za agogo anga." Ndinkayesa ndikuceza cabe. Sindinaone kuti mpongozi wanga anasiya kuphika ndiwo zamasamba ine ndikafika.

M'caka ca cilala ca 2024 ndinapita kumudzi ku maliro, ndipo ndinagona kwa amai anga aang'ono, amene tsopano akuyenda ndi ndodo. Usiku ndinayamba kutama nkhwani wa agogo. Amai aang'ono anaseka pang'ono, kenaka anati, "Iwe mwana, udziwa cifukwa cake tinkadya nkhwani masana ndi madzulo? M'nyumba munalibe cina. Ndipo paja agogo ako ankati idyani ana, ine ndadya kale kumunda, sanali kudya. Ankamwa madzi nkukagona."

Zaka zoposa 40 ndinasunga kukoma kwa ndiwo zija, koma njala ya amene anaziphika sindinaidziwe.

Amai anzanga, tsegulani Numeri 11. Ana a Israyeli angocoka kumene ku phiri la Sinai, ndipo ayamba kulira pamakomo a mahema ao. Akulira ciani? Akumbukira cakudya ca ku Aigupto: nsomba, minkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo. Akunenanso kuti nsombazo ankadya kwaulere. Kwaulere! Werengani Eksodo 1 ndi 5 muone mtengo wake. Ankaumba njerwa, udzu akufuna okha, akapitao ali pamsana, ndipo Farao analamula kuti ana ao aamuna aziponyedwa m'mtsinje. Pakati pa amene ankalira minkhaka panali amai amene anabadwira ndi kukalambira mu ukapolo umenewo. Sananame kuti nsomba inali yokoma. Anangokumbukira theka la nkhani, ndipo theka lija linawanyansitsa cakudya cimene Mulungu anali kuwapatsa tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya mana ndimawamvetsa pang'ono, pakuti ndine mai wa m'khichini. Ndime 8 imaonetsa nchito yake: kutola, kupera pamphero kapena kusinja mumtondo, kuphika mumphika, kuumba timikate. Mawa cimodzimodzi, mkuja cimodzimodzi. Ndani wa ife sanamvepo ana akudandaula kuti kapenta yemweyo lero? Koma mana sanaphonye. Ankagwa pamodzi ndi mame usiku, m'cipululu mopanda munda kapena msika. Anthuwo anaona ngati palibe kanthu, cifukwa maso ao anali ku mphika wa kale. Mapeto a mutuwo ndi owawa: malo amene anaikapo akufa anachedwa dzina lotanthauza manda a cilakolako.

Ifenso tili nao mau athu akuti kale kunali bwino. Kale ana ankamva. Kale Cigwirizano cinali ndi moto. Kale ndalama inali ndi mphamvu. Zina mwa izi ndi zoona, sindikutsutsa. Koma ife a msinkhu uwu tisanamize adzukulu. Tinaimapo pamizere ya unga, shuga, sopo ndi saladi m'zaka za m'ma 1980, kulawira kusanace ndi kubwerera opanda kanthu. Tinaona makuponi a unga mu 1989, ndi cipolowe ca mu June 1990 mtengo wa unga utakwera. Mu 1992, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana, tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja cifukwa mvula inakana. Mulungu anatidyetsa m'zaka zimenezo, ndipo tiyenera kumthokoza. Koma tikazipaka uci wokha, tidzanyoza mana a lero: mpongozi amene tili naye, abusa amene tili nao, atsikana amene alowa kumene m'Cigwirizano ndipo amaimba mosiyana ndi ife.

Palinso kuiwala kwa mtundu wina, ndipo kumeneku ndiko kunandigwira kwambiri. Tiyeni kwa Naomi.

Naomi anacoka ku Betelehemu nthawi ya njala ndi mwamuna wake Elimeleki ndi ana ao awiri, Maloni ndi Kiliyoni. Anakhala ku Moabu zaka ngati 10, ndipo anasiyako manda atatu. Pobwerera sanali mtsikana. Iye yekha anauza apongozi ake kuti wapitirira msinkhu wokwatiwanso. Atalowa m'mudzi, amai a kumeneko anafunsana ngati analidi Naomi, monga ticitira tikaona mnzathu wakale amene mavuto amusintha nkhope. Dzina lakuti Naomi limanena za kukoma. Iye analikana, nasankha lakuti Mara, kutanthauza kuwawa. Anati pocoka anali wodzala, koma Yehova wamubweza wopanda kanthu.

Sindimuweruza Naomi, ndipo m'buku lonse simupezamo Mulungu akumudzudzula. Amene anaikapo mwamuna kapena mwana adziwa kuti pali masiku amene pakamwa pamawawa ngakhale udye ciani. Cikristu sicitiuza kuti tizinama kuti zili bwino pamene sizili bwino. Koma yang'anani amene aimirira pambali pake pamene akunena mau amenewa. Ndi Rute, mtsikana wamasiye amene wasiya amai ake, dziko lake ndi milungu ya kwao, nayenda ulendo wonsewo kuti apongozi ake asakhale okha. Naomi akuti wabwera wopanda kanthu, Rute ali pomwepo akumva.

Ndime imeneyi ndinaiwerenga zaka zambiri osaona zimenezi, kufikira zitandicitikira.

Atate a ana anga anamwalira mu 2004 atadwala miyezi 8. Zinali zaka zija zimene amai a Cigwirizano tinkagona pamaliro pafupifupi sabata iliyonse. Maliro atatha, acibale ena a malemu anatenga bedi, firiji ndi makina anga osokera. Lamulo la cuma ca masiye linalipo kale kuyambira 1989, lopatsa mkazi wamasiye magawo 20 pa 100 ndi ana magawo 50, koma ine ndinali ndi mantha ndipo sindinapite kulikonse. Inu musacite monga ine. Mukaona zotere funsani thandizo msanga. Ndinasamukira m'cipinda cimodzi ku komboni ndi ana atatu.

Koma mlongo wamng'ono wa malemu, mtsikana wa zaka 19, anakana kupita ndi abale ake. Anatsala ndi ine zaka 6. Ndiye ankadzuka 4 koloko kukoleza mbaula ndi kukazinga vitumbuwa zimene tinkagulitsa pamseu. Ndiye ankatunga madzi ndi kuperekeza ana kusukulu pamene ine ndinalibe mphamvu yocoka pamphasa. Amai a Cigwirizano akabwera kudzandiona ndi kaunga ndi kasopo, ine ndinkalira ndi kunena mau amodzimodzi: "Ndatsala ndekha, ndilibe m'bale pa dziko lino." Ndinkanena zimenezi mlamu wanga atagwada pomwepo akusambitsa alendo m'manja.

Mu 2019 ndinapita kukamuona ku Chipata kumene anakwatiwa. Tikusenda nshawa pakhonde, iye anati, "Alamu, mau aja akuti mulibe m'bale ndinkawamva. Ndinkapita kuseri kwa nyumba kukalira, kenaka nkusamba kumaso kuti musaone." Sananene mokwiya. Koma anawasunga zaka 15. Ndinasowa coyankha. Cisoni canga cinali coona, koma cinanditseka maso, ndipo ndinapweteka munthu amene Mulungu anandituma naye cifundo cake.

Onani cimene Mau a Mulungu acita ndi Naomi. Mutu woyamba umatha ndi kutiuza kuti anafika ku Betelehemu poyamba kukolola barele. Iye akulankhula za manja opanda kanthu, minda ili yakupsa. Ndipo kuyambira pamenepo kufikira kumapeto, bukuli silimuchulanso Mara ngakhale kamodzi. Dzina limene anadzipatsa tsiku la kuwawa silinakhazikike. Pa mutu 4, amai omwe aja a m'mudzi ndiwo akumukumbutsa kuti mpongozi wake amamukonda ndipo amuposera ana aamuna 7. Mwana amene anamuika pamiyendo pake ndi Obedi, atate wa Jese, atate wa Davide, ndipo Mateyu 1 amalemba Rute mu mzere wa makolo a Ambuye Yesu. Manda atatu a ku Moabu sanafafanizike. Koma Naomi analakwa poyesa kuti nkhani yake yathera pa cipata ca mudzi.

Mai mnzanga, kodi inu mwadzicha dzina lanji pa msinkhu uwu? Ena adzicha Wosiyidwa cifukwa bambo anapita kwa wina. Ena Wosabala, ena Wodwaladwala, ena Wotha nchito cifukwa ana acoka ndipo nyumba yangoti zii. Ena akuyesa kuti ukazi wao watha cifukwa aleka kupita kumwezi. Pa ubatizo munalandira cizindikiro cakuti ndinu a Kristu, ndipo palibe maliro, cisudzulo kapena kalata ya kucipatala imene ingacotse cimeneco.

Mulungu adziwa kuti lilime limasunga zinthu, ndiye cifukwa cake anaika cikumbutso cake m'cakudya. Pa Paskha, mu Eksodo 12, analamula kuti nyama ya mwana wankhosa idyedwe pamodzi ndi ndiwo zowawa. Ciombolo ndi ukapolo zinali m'mbale imodzi, kuti asaiwale ciliconse ca ziwirizi. Pa Mgonero, Ambuye Yesu anatipatsa mkate ndi cikho kuti tizimukumbukira. Pa gome limenelo timakumbukira imfa yowawa koposa, ndipo pomwepo timalandira cikhululukiro. Kumeneko ndiko timaphunzira kukumbukira moona: osabisa cowawa, osataya cokoma.

Ndikupempheni cinthu cimodzi musanapite ku msonkhano wotsatira wa Cigwirizano. Khalani pansi, muganize za caka cimene cinali covuta koposa m'moyo wanu, ndipo mudzifunse kuti, anaimirira pambali panga ndani? Mwina ndi mlamu, mwina mwana wa mkazi mnzanu, mwina mnansi wa mpingo wina amene ankakupatsirani mcere pa mpanda. Ngati ali moyo, mupiteko kapena mumuimbire foni. Ndipo ngati amai anu aang'ono kapena azakhali akali moyo, afunseni za masiku amene mumawatama aja. Konzekani kumva zimene simunazidziwe.

Ine nditabwerako kumudzi ndinapita kwa mpongozi wanga ndi nkhwani wa pamsika ndi nshawa m'kathumba. Ndinamuuza kuti ndinamulakwira, ndipo ndinapempha kuti aphike monga aphikira iye. Anacita manyazi, nati, "Amai, nanga cikapanda kukoma?" Ndinati tidzadya comweco. Anaphika ndi soda wake wa m'sitolo. Mcere unacepa, koma ndi mmene anandiuzira anamwino cifukwa ca BP, conco sindinadandaule. Tikudya, mdzukulu wanga wa zaka 6 anafunsa kuti agogo anga aja anali otani. Ndinamuuza za mphika wadothi ndi cidulo, ndipo ulendo uno ndinamuuzanso kuti masiku ena ankagona ndi njala kuti ife tidye.